Msoko wa Pansi pa Penti

Tsiku limene dalaivala wotchedwa Fulumira ankapita kukayezetsa minibasi yake, a Nyundo sanafune kupita nawo. Anayamba adandaula za mutu, kenako anatchula za chipata cha munthu wina chimene chinkadikira kuwotcherera. Koma Fulumira anali munthu wosamva mawu oti ayi.

"Kwerani, mdala. Lero pamzere woyamba pali mwana wanu. Akangoona nkhope yanuyi, pepala lituluka ndisanazimitse injini n'komwe."

"Mwana wanga sayeza nkhope. Amayeza galimoto."

"Ndiye mukuopa chiyani? Si ntchito yanu yomwe?"

A Nyundo anapukuta manja pa ovolosi n'kukwera.

Galimotoyo inabwera kuchokera kunja ili vani yonyamula katundu, yopanda mawindo kumbuyo, yopanda mipando, pansi pake pali lata lopyapyala lotuwa. A Nyundo ndiwo anaboola mawindo, kupinda mapaipi, n'kuwotcherera mizere inayi ya mipando pa lata limenelo. Ntchito ya zitsulo anali ataigwira zaka makumi atatu, ndipo dzina lawolo linachokera momwemo. Kale akamaliza msoko, ankaitana mwini galimoto, n'kum'patsa nyundo yaikulu m'manja. "Menya," ankatero. "Ukathyola, ine ndisiya ntchito lero lomwe." Palibe anathyolapo. Msoko wawo unkagona mwadongosolo ngati mamba a nsomba, ndipo sankalola penti kufika pamenepo mwini wake asanauone ndi maso ake. Ntchito ya wowotcherera mnzawo wa tsidya la msewu ankaitcha zitosi za nkhuku, ndipo ankanena mokweza kuti mwini wakeyo amve.

Koma kwa chaka tsopano nyundo ija inali pansi pa benchi. Maso awo anali atachita nkhungu. Akatsitsa chigoba chakumaso n'kuyatsa moto, kadziwe ka chitsulo chosungunuka kamene wowotcherera amayenera kukatsatira sikankaonekanso. Ankangoona kuwala kobalalika. Sanauze munthu, ngakhale mkazi wawo. M'malo mwake anayamba kuwotcherera ndi makutu. Moto ukakhala bwino umalira ngati mafuta m'chiwaya, ndipo khutu lawo linali lisanakalambe. Pa zitsulo zokhuthala za zipata ndi mafelemu a zitseko khutulo linkawapulumutsa. Koma lata la magalimoto akunjawa ndi lachinyengo. Limalira bwinobwino pamene chitsulo changokhala pamwamba osalowerera, ndipo ukangowonjezera moto pang'ono labowoka. Msoko ukazizira, chala chawo chinkapeza timabowo ndi timibulu. Ankatenga galayindala, kusalaza pamenepo, n'kuitana mnansi wawo wopenta kuti abwere msanga.

Iyi inali galimoto yachisanu. Anayi oyambawo anadutsa m'manja mwa oyeza ena, amene ankangoti, "Ya a Nyundo iyi? Ipite," osagwada n'komwe. Onse anayiwo anali pamsewu, iliyonse ikunyamula anthu odzaza ulendo uliwonse.

Kumalo oyezerako kunali shedi yaitali ya mizere itatu, uliwonse uli ndi dzenje loti woyeza azilowamo poyang'ana galimoto kunsi. Pamzere woyamba panaima mwana wawo wachisamba, atavala jasi labuluu, tochi ili m'thumba, bolopeni kukhutu. Madalaivala ankam'tcha Madamu.

"Mwadzuka bwanji, Bambo?" Mawu ake anali a kunyumba, koma maso anali kale pa galimoto.

"Ndadzuka, mayi. Kaya iwe?"

"Madamu, iyi ndi ya m'banja," Fulumira analowerera, mano onse ali panja. "Ingodindani, tisatayitsane nthawi."

"Ikwezeni padzenje, achimwene."

Magetsi anayaka onse. Mabuleki anagwira. Matayala anali abwino. Kenako Madamu anatsikira m'dzenje muja ndi tochi yake, ndipo anakhalitsa. A Nyundo ankadziwa chimene ankafuna, pakuti ndi iwo amene anam'phunzitsa asanapite n'kusukulu ya ntchito zamanja komwe: chitsulo chikalowerera bwino, kuseri kwa lata kumatsala chipsera cha moto. Pamene palibe chipsera, palibenso msoko. A Nyundo anaima chiimire, manja kumbuyo, akumva tochi ikugogoda lata, apa, apo, apo. 

Atatuluka sanayang'ane bambo ake. Analowa m'galimoto, anagwada pamzere wachitatu, n'kupala penti ndi kampeni. Ndiyeno anapita kumzere wakumbuyo, anaponda phazi pamsana pa mpando wachitatuwo, n'kukankha kamodzi kokha.

Khwa!

Mwendo wa mpando unazuka pa lata ngati dzino logwedera, mpando wonse n'kuweramira kutsogolo.

Woyeza wa pamzere wachiwiri, mwamuna wamtali amene anali atangoyamba kumene ntchito pamalopo, anamva phokosolo n'kubwera kudzasuzumira.

"Ee! Ameneyu amawotcherera ndi kandulo kapena? Madamu, taonani zitosi izi! Wasalaza ndi galayindala kuti abise. Munthu wotere ngofunika kum'landa makina."

Fulumira anatsokomola. Madalaivala awiri amene ankadikira pamzere anayang'ana kumbali. Mmodzi anam'kodola wamtali uja ndi chigongono, koma mawu anali atatuluka kale.  A Nyundo akanatha kulowa m'dzenje muja n'kudzikwirira, akanatero.

"Ndi ndodo zowotcherera za masiku anozi," anamva pakamwa pawo pakulankhula. "Zimabwera zonyowa. Sizigwira ngati zakale."

 Madamu anawerama, anagwedeza kaphazi ka mpando kamene kanatsala lendelende mpaka kanathothoka, n'kubwera nako.

"Taonani, Bambo. Ndi ndodo?"

A Nyundo anakalandira. Anakabweretsa pafupi ndi nkhope, kenako anakatalikitsa, koma kanali kanthu kotuwa chabe kopanda m'mphepete. Mosaganiza, chala chawo chachikulu chinayamba kuyenda pamsokopo, kuwerenga timabowo timene maso anakana. Atakweza mutu anazindikira kuti mwana wawo sankayang'ana kachitsulo kaja. Ankayang'ana chalacho.

Madamu anachotsa bolopeni kukhutu n'kulemba. Analemba nthawi yaitali, ndipo pepala limene anapatsa Fulumira silinali limene anadzera.

"Mdala, mwandiyalutsa," Fulumira anatero ali pachiwongolero. "Ndakhala ndikudzitama pasiteji kuti mipando yanga ndi ya a Nyundo. Kwerani tizipita."

"Pita. Ndiyenda pansi."

Anayendadi pansi mtunda wonsewo, atazyolika, kachitsulo kaja kali m'thumba la ovolosi. Anthu awiri anawapatsa moni m'njira, ndipo onse anawayankha osadziwa kuti ndi ndani.

Nthawi yopuma masana, Madamu anafika kushedi ya bambo ake asanavule n'jasi lomwe. Anawapeza atakhala pabenchi, makina ali zii. Pakhomo loyandikana, wopenta uja ankatsuka chopopera chake m'chitini, akuimba mluzu. Ataona nkhope ya mlendoyo, mluzu unatha.

"Anayamba liti masowo, Bambo?"

"Maso ati?"

"Munthu woona sayang'ana msoko ndi chala."

A Nyundo anakanda pamutu posayabwa. Anayang'ana ndodo zowotcherera zimene zinali m'katoni, zouma bwinobwino, zosalakwa.

"Chaka chatha. Nthawi ya mvula."

"Amayi akudziwa?"

"Amayi ako akudziwa kuti ndine waulesi. Kuti n'chifukwa chake ndimawapatsa foni kuti azindiwerengera mauthenga."

Madamu sanaseke. Anakoka chigubu chopanda kanthu n'kukhalapo moyang'anana nawo.

"Magalimoto angati ena?"

"Anayi."

"Onse mipando yake munachita chonchi?"

"Ena mwina anagwira. Khutu silinama nthawi zonse."

"Mwina." Analibwereza liwulo pang'onopang'ono. "Bambo, mawa m'mawa ndikauza abwana. Sindibisa. Adzalemba makalata oitana magalimotowo, ndipo makalata athu mumawadziwa, amayenda milungu iwiri. M'milungu iwiri imeneyo, galu akangodumpha msewu, dalaivala n'kuponda buleki mwadzidzidzi, mpando wakumbuyo udzaunjikana pa wakutsogolo, miyendo ya anthu ili pakati. Eni magalimotowo inu mumawadziwa. Mukhoza kuwapeza lero."

"Ukufuna ndikaime pasiteji ndilengeze kuti a Nyundo saona?" Mawu awo anakwera, ndipo anakondwa kuti apeza mkwiyo woti abisalemo. "Zaka makumi atatu! Dzina limeneli ndi limene ndinakulera nalo. Wandivula pamaso pa anthu m'mawa uno, sizinakukwane? Kodi ndiwe mwana wanga kapena mwana wa ofesi?"

"Ndinu munandiphunzitsa kuyang'ana kuseri kwa lata. Ndikanapanda kuyang'ana, bwenzi ndili mwana wa ndani?"

Mkwiyo uja unaphwa ngati tayala. M'shedimo munangomveka galayindala ya wowotcherera wa tsidya la msewu, ikulira ngati ikudziwa nkhani.

Wopenta anafika pakhomo, akupukuta manja ndi kansanza.

"Achimwene, khoma lathuli ndi lata, ndamva zonse. Nanenso ndiulule. Ine ndinkaona. Penti simanama, imamira m'timabowo. Ndinkangopopera kawiri kuti padzaze."

"Bwanji sunanene?"

"Kunena kwa inu? Ndi nyundo ija ili pansi pa benchi?" Anaponya kansanza kaja paphewa. "Ndinkati wamkulu sauzidwa. Mlongo wanga amakwera imodzi mwa minibasi zimenezo popita kuntchito. Ndinangomuuza kuti azikhala kutsogolo, chifukwa kumbuyo kumachita fumbi."

 Kenako Madamu anayang'ana wotchi, n'kuimirira.

"Za maso tikambirana kunyumba, pamodzi ndi amayi. Mwina ndi ng'ala, ndipo ng'ala amachotsa. Koma zimenezo ndi za mawa. Ine ndikubwerera kuntchito."

Atapita, a Nyundo anakhalabe pabenchi kwa kanthawi. Anaganiza zoimba foni kwa eni magalimotowo mmodzimmodzi, kuwauza kuti abwere nawo mwakachetechete kuti awonjezere kenakake. Koma ankawadziwa madalaivala. Palibe amene angaimitse minibasi dzuwa likuswa mtengo chifukwa cha kenakake. Akanati Loweruka, Loweruka likafika n'kuti Loweruka linalo. Ndipo ngakhale akanabwera, akanawotcherera ndi maso a ndani?

Anatseka shedi nthawi ya 2 koloko, chinthu chimene anali asanachitepo.

Pasiteji panali phokoso la masiku onse: mahutala, makondakitala akukuwa, ogulitsa madzi akuyenda m'mawindo. Maminibasi onse anali oyera, ndipo kwa a Nyundo ankaoneka ngati mzere umodzi wa mitambo. Anaima pakati pa chipwirikiticho, osadziwa poyambira. Mwayi wake, kapena tsoka lake, wina anawaona.

"Mdala wa zitsulo! Kuno, kuno!"

Anali Kapiteni, mwini wa galimoto yoyamba mwa anayi aja, munthu wa mimba yaikulu ndi mawu aakulu. Minibasi yake inali itatsala anthu awiri kuti idzaze. Anawagwira dzanja a Nyundo n'kuwakokera pakhomo la galimoto ngati akuonetsa mphoto.

"Anthuni, mwawaona awa? Mipando mwakhalapoyo ndi ntchito ya manja awa. Osati zinazi zoti ukakhala umapemphera. Awa akawotcherera, ngakhale njovu ikhoza kukhalapo!"

Nkhope zosaoneka bwino zinatembenukira kwa iwo. Wina anati, "Zikomo, bambo." Mawu amenewo anawalasa kuposa a woyeza wamtali uja.

"Kapiteni, tsitsa anthuwa."

"Mwati?"

"Atsike. Mipandoyi siili bwino. Ndinaiwotcherera molakwika."

Kapiteni anaseka mpaka mimba inagwedezeka. "Mdala, mwayamba liti kumwa masana?"

"Sindinamwe. Amene ali pamzere wachitatu ayambe aima."

Panabuka kung'ung'udza. Pamzere wachitatupo panali mayi wina wonenepa, beseni la tomato lili pamiyendo.

"Inu bambo, ndadikira ola lathunthu kuti idzaze imeneyi. Mukudziwa mmene tomato amachitira padzuwa? Ngati mwakangana ndi dalaivala, kakanganeni kwanu."

"Chonde, mayi. Kamphindi kokha."

Kapena chinali chifukwa cha imvi zawo, koma mayiyo anatsika, akudandaula, ndipo ena a pamzerewo ndi a kumbuyo anam'tsatira. A Nyundo analowa, anagwira msana wa mpando ndi manja awiri, n'kugwedeza.

Mpando sunasunthe.

Anagwedezanso mwamphamvu. Unali nji.

"Mwaona?" Kapiteni anakuwa mokondwa. "Ngakhale mwini wake akulephera! Kwerani, kwerani, mdala amangotiyesa."

Anthu anaseka, ndipo a Nyundo anaona khomo litatseguka patsogolo pawo. Akanangoseka nawo, n'kunena kuti amafuna kutsimikiza, n'kutsika dzina lawo lili lonse, mwinanso litakula. Mwina pa galimoto iyi khutu silinaname. Phazi lawo limodzi linali litaponda kale pakhomo.

Koma kugwedeza ndi manja si mmene buleki imakankhira, ndipo zimenezi ankazidziwa bwino kuposa aliyense pamenepo. Anabwerera, anagwada pafumbi la pansi pa mpando, n'kulowetsa dzanja. Chala chinapeza phazi la mpando, chinapeza penti yosalala, ndipo m'mphepete mwake chinapeza kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi, koyenda mozungulira. Anadzuka, anapita kumzere wakumbuyo, anatsamira bwino, n'kuponda msana wa mpandowo ndi mapazi onse awiri, monga angachitire anthu anayi ataponyedwa kutsogolo nthawi imodzi.

Miyendo iwiri yakumbuyo inazuka pamodzi. Mpando unagudubuka n'kukamenya mzere wachiwiri, ndipo mwamuna amene anakhala pamenepo anakuwa n'kudumphira panja, atagwira phewa.

Kuseka konse kunatheratu. Kenako phokoso linabuka mbali zonse.

"Mayo ine! Ndiye takhala tikukwera bokosi la maliro!"

"Mfiti iwe! Miyezi yonseyi?"

"Ndipo akuvomera yekha, alibe n'manyazi omwe!"

Manyazi anali nawo, okwanira siteji yonse. Anatsika pang'onopang'ono n'kuima pomwepo, osathawa, manja ali lende, mawuwo akuwagwera ngati matalala. Makondakitala a magalimoto ena anali atasiya kuitana anthu n'kubwera kudzaonerera. Kapiteni anasuzumira m'galimoto yake, anayang'ana timabala tiwiri totuwa pa lata pamene panali miyendo ya mpando, ndipo mawu ake aakulu aja anachepa.

"Mdala, zatheka bwanji? Inuyo?"

"Maso anga anatha, Kapiteni. Chaka chatha. Ndinkawotcherera osaona, n'kumabisa ndi penti." Ananena mokweza, kuti asadzafunikenso kubwereza. "Usanyamulenso munthu. Ubwere nayo mawa m'mawa. Tizula mipando yonse, tiika zitsulo zokhuthala kunsi kwa lata, n'kumanga ndi mabawuti."

"Nanga awotcherera ndani, poti inu mwati simuona?"

"Ndikapempha mnzanga wa tsidya la msewu."

"Uja mumamunena uja?"

"Yemweyo."

 Kapiteni anatembenuka n'kuyamba kukalipira kondakitala wake kuti atsitse katundu wa anthu.

Gulu lija linayamba kubalalika, ena akuthamangira minibasi yotsatira, ena akusimbira obwera kumene zimene zachitika. Nkhaniyo inkayenda mofulumira kuposa magalimoto. A Nyundo ankamva dzina lawo likudumpha pakamwa ndi pakamwa mpaka kumapeto kwa siteji. Panatsala atatu, ndipo sankatha kuwasiyanitsa ndi ena onse oyerawo.

Mayi wa tomato uja anali akadali pomwepo, beseni lili pansi, akuyang'ana mpando wogudubuka umene anakhalapo ola lathunthu. Sanalinso kukalipa.

"Mayi," a Nyundo anatero, "pepani, ndikuvutitseninso. Pali ena atatu ngati imeneyi. Nambala zake ndikuzidziwa pamtima, koma sindingathe kuziwerenga. Ina imathera ndi 47, ina 12, ina 80."

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anapukusa mutu, anasenza beseni lake, n'kuyamba kuyang'ana mzere wa magalimoto, dzanja lili pachipumi.

"Iyo ikudzaza pafupi ndi wogulitsa madziyo ndi 12," anatero. "Yatsala pang'ono kunyamuka. Tiyeni, fulumirani. Samalani, patsogolo panupo pali ngalande."